Za Mantha a Kudetsedwa ndi Kusamba m'Manja Kosalekeza

Mwezi uno tifuna kukamba nanu nkhani imene anthu sainena poyera, ngakhale ili m'nyumba zina pakati pathu. Ndiyo nkhani ya madzi ndi sopo, zinthu zabwino zopulumutsa moyo, ndi ya anthu ena amene zinthu zomwezo zinawasandukira goli.

Mukumbukira m'mene zinayambira. Nthenda ya Covid-19 inamveka koyamba m'mzinda wa Wuhan, ku China, m'mwezi wa Disembala 2019, ndipo pa 11 Malichi 2020 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti wagwa mliri pa dziko lonse lapansi. Kuno kwathu sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo pa 2 Epulo boma linatiuza kuti anthu atatu oyamba apezeka nayo. Kuyambira pamenepo ndowa ya mpopi ndi sopo zinaima pa khomo la sitolo, la chipatala ndi la tchalitchi. Ana anamanga mpondagiya pafupi ndi zimbudzi. M'matchalitchi ambiri madzi odalitsidwa anachotsedwa pa khomo, ndi moni wa mtendere wogwirana dzanja unalekeka. Lamulo linali lomveka kwa aliyense: sambani m'manja ndi sopo masekondi 20, phimbani kukamwa ndi mphuno, khalani motalikirana. Mliriwo sunali nthano iai. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri za boma, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo mabanja ambiri osatchuka analira maliro ao m'masiku omwewo.

Tinene msanga, pasakhale wina wotimva molakwa: kusamba m'manja nkwabwino, ndipo sitidzaleka kukulimbikitsa. M'chaka cha 1847 dotolo wina dzina lake Ignaz Semmelweis, pa chipatala cha m'mzinda wa Vienna, analamula anzake kuti azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanakhudze amai oyembekezera. Ndipo imfa za amaiwo, zimene mwezi wina zinafika pa 18 mwa 100 alionse, zinatsika kufikira pafupi 2. Ndiponso kolera imene inabuka kuno m'chaka cha 2022 nipitirira m'chaka cha 2023, nipha anthu oposa 1,700, inatikumbutsa kuti manja osasamba ndi madzi oipa akumba manda. Chotero amene asamba pochoka kuchimbudzi, asanakonze chakudya, asanadye, atasintha mwana thewera, kapena atasamala wodwala, achita bwino.

Koma pa 5 Meyi 2023 bungwe lomwe lija linanena kuti Covid-19 yaleka kukhala ngozi yodzidzimutsa ya dziko lonse. Ndowa zambiri zinabwerera kukhitchini, anthu nayambanso kugwirana chanza pa maliro ndi pa ukwati. Anatsala ena amene mtima wao sunamve kuti ngozi yachepa, ndi enanso amene anali kuvutika motero kale lomwe mliri usanadze, koma mliriwo unawabisa, popeza masiku amenewo dziko lonse linali kuchita monga iwo.

Madotolo aitcha nthenda imeneyi ndi malembo atatu, OCD. Iyenda ndi miyendo iwiri. Mwendo woyamba ndiwo ganizo lobwera losaitanidwa, lokakamira ngati nkhupakupa: manja anga ali ndi tizilombo, ndagwira ndalama imene anagwira wodwala, ndikapatsa mwana nsima ndi manja awa, ndimupha ndine. Mwendo wachiwiri ndiwo ntchito imene munthu achita kuti mtima ukhale pansi, monga kusamba, kupukuta, kuchapa, kufunsa ndi kufunsanso, kapena kupewa malo ndi anthu. Tiyerekeze mai amene wabwera kumsika. Asamba m'manja monga ayenera; koma potseka mpopi aganiza kuti mpopiwo anaugwira ndi dzanja lakuda, nasambanso; popukuta akayika nsalu, nasambanso; kenaka akumbukira kuti chitenje chake chinakhudza mpando wa m'minibasi, ndi kuti chitenjecho chakhudza mphasa, mphasayo yakhudza mwana. Ndowa imene anatunga ku mjigo m'mamawa, yoyenera kukwanira banja lonse tsiku lathunthu, itha dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo sopo wogula pa ndalama ya ndiwo atha masiku atatu. Chomvetsa chisoni koposa nchakuti maiyo nthawi zambiri adziwa yekha kuti zimene achita zapyola muyeso. Sali wopusa, ndipo nzeru zake zili bwinobwino. Koma akaleka, mantha amtsamwitsa.

Si onse odwala nthendayi aopa litsiro. Ena abwerera kasanu kukaona ngati atseka chitseko kapena azima moto, ena awerenga ndi kusanja zinthu, ena avutika ndi maganizo oipa amene sawafuna. Koma mantha a kudetsedwa ndiwo apezeka kawirikawiri, mwa pafupi theka la odwala. Kumene anawerenga bwino anapeza kuti anthu pafupi 2 mwa 100 alionse adwala nthendayi nthawi ina pa moyo wao, ndi kuti kawirikawiri iyamba munthu ali mwana kapena asanakwanitse zaka 25. Tikawerengera motero, mudzi wa anthu 500 ukhoza kukhala nao 10. Ambiri a iwo abisa, chifukwa cha manyazi.

Nanga maganizo oterewa abwera mwa odwala okha? Iai. M'chaka cha 2014 mphunzitsi wina wa ku Montreal, Adam Radomsky, pamodzi ndi anzake, anafunsa ophunzira 777 a m'maiko 13, napeza kuti pafupi 94 mwa 100 alionse anafikiridwapo ndi ganizo losafunika lotere m'miyezi itatu yapitayo. Tonse tili nao. Kusiyana kuli apa: wina alilola ganizolo lipite monga mbalame yodutsa pamwamba pa denga, pamene wina alitenga ngati chenjezo loona, namva kuti tsoka likagwa mlandu wonse udzakhala pa iye yekha.

Tsono imvani chimene chiisunga nthendayi, pakuti pamenepa ndipo pagona nkhani. M'chaka cha 1972 anthu awiri ophunzira za maganizo ku London, Ray Hodgson ndi Stanley Rachman, anapempha odwala kuti akhudze chinthu chimene anali kuchiyesa chodetsa, nayesa mantha ao. Mantha anakwera, atasamba, anatsika msanga. Kodi pamenepo sitinganene kuti kusambako ndiko mankhwala? Ndimo m'mene wodwala aganizira, ndipo msampha uli pomwepo. Mtima uphunzira kuti mpumulo udza ndi madzi, ndipo ganizo likabweranso uitanitsa madzi msanga kuposa kale. Komanso munthuyo sapeza mpata woona kuti akadapanda kusamba palibe chikadachitika. Zifanana ndi mphere: kukanda kukoma, koma ndiko kukulitsa chilonda. M'chaka cha 1976 Rachman ndi anzake anaonetsanso mbali ina, kuti wodwala akaletsedwa kuchita mwambo wake, chikakamizo chija chikhala champhamvu poyamba, koma chifooka chokha pakapita ora kapena maora owerengeka, popanda wochita kanthu.

Taonani tsono chimene mliri unachita kwa munthu wotere. Zimene ganizo lake linali kumunong'oneza zaka zambiri, tsopano wailesi inali kuzinena mokweza m'mawa ndi madzulo: tizilombo tosaoneka tili ponseponse, manja ako akhoza kupha agogo ako. Abale amene kale anali kumuletsa anayamba kumuyamikira. Ndipo madotolo a m'maiko ambiri anafuna kudziwa ngati odwala ao anaipiraipira. Ku Germany, Lena Jelinek ndi anzake a ku Hamburg anafunsa odwala 394 m'miyezi yoyamba ya mliri, ndipo 72 mwa 100 alionse anati nthenda yao yakula, makamaka iwo osambasamba. Kumpoto kwa Italy, kumene mliri unasakaza koyamba mu Ulaya, madotolo anaona odwala 123, napeza kuti woposa mmodzi mwa atatu alionse anaipira. Koma ku India, mwa odwala 84 oopa kudetsedwa, owerengeka okha ndiwo anaipira. Ife tiona kuti kusiyana kumeneku nkophunzitsa. Nthendayi ili ndi njira zake: munthu amene mantha ake onse ali pa magazi kapena pa chimbudzi sasamutsa manthawo chifukwa chakuti kwamveka kachilombo katsopano. Analipo ngakhale ena amene anati masiku a mliri anapumako, popeza panalibenso wowayang'ana modabwa akakana kugwirana chanza.

Kwa anthu wamba, osadwala kale, mafunso a ofufuza anaonetsa kuti kusambasamba ndi kuopa litsiro kunachuluka m'chaka cha 2020. Komatu tisafulumire kunena kuti onsewo anadwala. Ukafunsa munthu ngati asamba m'manja kawirikawiri pa nthawi imene boma lamlamula kutero, adzayankha inde, ndipo yankholo silitsimikiza nthenda. Ambiri analeka pamene ngozi inachepa. Amene chizolowezicho chinawagwira nichikana kuwasiya anali makamaka iwo amene anali nayo kale mbeu ya nkhawa, ndiponso ana ndi achinyamata, pakuti msinkhu wao ndiwo umene nthendayi ikonda kuyambira. Mliri sunalenge nthenda yatsopano. M'zaka za m'ma 1980, pamene Edzi inamveka, madotolo anaona odwala ambiri otere akuopa magazi ndi malezala. Nthendayi ivala chovala cha mantha a nyengo yake.

Pali chinthu china chimene tiyenera kukuuzani, chifukwa ambiri anamva chiyambi chake koma sanamve mathero. M'mwezi wa Malichi 2020 ofufuza a ku America analemba kuti kachilombo ka corona kakhoza kupezeka pa pulasitiki ndi pa chitsulo kufikira maora 72, ndi pa katoni kufikira maora 24. Mbiri imeneyi inathamanga dziko lonse, anthu nayamba kutsuka ndalama, mapaketi a shuga ndi zogwirira za zitseko. Ku America komweko, pofunsidwa m'mwezi wa Meyi 2020, anthu 19 mwa 100 alionse anavomera kuti anathirapo mankhwala oyeretsera zovala pa chakudya, chinthu choopsa ndithu. Koma kuyesa kuja kunachitikira m'nyumba yoyesera, ndi tizilombo tochuluka kuposa timene munthu asiya pa chitseko. M'mwezi wa Julayi 2020 mphunzitsi Emanuel Goldman analemba kuti ngozi ya zinthu zogwidwa yakulitsidwa kopyola, ndipo mu Epulo 2021 bungwe la boma la America loona za miliri, la CDC, linanena kuti mwayi wotenga Covid-19 pokhudza chinthu chimene chili ndi kachilomboko suposa kamodzi pa 10,000. Njira yake yeniyeni inali mpweya, m'zipinda zodzaza anthu ndi zotseka mazenera. Chotero munthu wopukuta chitseko kakhumi anali kulondera khomo limene mbala sinali kulowerapo kawirikawiri. Zimenezi tinena za Covid-19 yokha. Kolera ndi matenda otsegula m'mimba ayendadi ndi manja, madzi ndi chakudya.

Nanga atate ndi amai adzasiyanitsa bwanji ukhondo ndi nthenda? Ukhondo uli ndi chifukwa chooneka ndi mathero ake: munthu achoka kuchimbudzi, asamba kamodzi, napita ku ntchito yake osaganizanso za manja. Kusamba kwa nthenda kulibe mathero. Sikutha pamene litsiro lachoka, koma pamene mtima wamva kuti zakwana, ndipo mtimawo uchedwerachedwera kumva. Madotolo ayang'ana nthawi: ngati maganizo ndi miyambo yotere idya koposa ora limodzi tsiku lililonse, kapena iletsa munthu kulima, kuphunzira, kudya ndi anzake m'mbale imodzi, kunyamula mwana wake, pamenepo ati ndi nthenda. Yang'ananinso manja. Khungu losambidwa kosalekeza liuma, lifiira, ling'ambika, ndipo ming'aluyo ikhala khomo la tizilombo tomwe tija munthu anali kuthawa.

Makolo athu anadziwa mantha a kudetsedwa. Obwera kumanda asamba asanalowe m'nyumba, ndipo za mdulo ndi tsempho akulu azidziwa bwino. Sitiweruza miyambo imeneyo pano. Tingoti mwambo uli ndi tsiku lake, achita anthu pamodzi, ndipo ukatha watha. Nthenda ino munthu aisenza yekha, nadziikira malamulo amene palibe mkulu anamuuza. Rachman yemwe uja analembanso za mtundu wina wa kudetsedwa kumene kudza popanda kukhudza kanthu: munthu amene anachitidwa chipongwe kapena kugwiriridwa akhoza kumva uve m'kati mwake, nasamba thupi lonse kambirimbiri, koma madzi safika pamene pali uvewo. Mukaona mwana wanu wamkazi kapena wamwamuna wayamba mwadzidzidzi kusamba motero, musayambe ndi kukalipa za sopo. Khalani naye pansi mofatsa. Ndipo tikupemphani, musathamangire kunena kuti walodzedwa kapena wagwidwa ndi mizimu, ndi kutaya mbuzi ndi nkhuku kwa oombeza ula. Kutero kuonjezera mantha pa mantha, ndi kudanitsa abale opanda mlandu.

Ife a Mpingo nthendayi tiidziwa m'chovala china. Ignatius Woyera wa ku Loyola, pokhala ku Manresa m'chaka cha 1522, anazunzika ndi kukayika kwa mumtima: atalapa machimo ake onse, anali kuganiza kuti wasiyako kena, nabwerera kukalapanso, ndi kubwereranso, osapeza mtendere, kufikira anafuna kutaya moyo. Wansembe wake anamuuza kuti asabwerezenso zakale pokhapokha zikhale zoonekeratu. Koma kwa iye zonse zinaoneka zoonekeratu. Anamasuka pamene anatsimikiza mtima kuti zakale sadzazilapanso, ngakhale kukayika kubwere. Alphonsus Liguori Woyera, amene anamwalira m'chaka cha 1787, anavutika momwemo, nalangiza anthu otere kuti akhale ndi wansembe mmodzi, amvere mau ake, ndi kuleka kubwereza. Wolapa kakhumi tchimo limodzi ndi wosamba kakhumi dzanja limodzi adwala nthenda yofanana, ndipo nchodabwitsa kuti mankhwala amene akuluwa anapeza ali pafupi ndi amene madotolo anapeza pambuyo pake.

Pakuti m'chaka cha 1966 Victor Meyer, pa chipatala cha Middlesex ku London, anayesa njira yatsopano pa odwala awiri: anawakhudzitsa zinthu zimene anali kuziopa, nawaletsa kuchita miyambo yao, ndipo onse awiri anapezako bwino. Njira imeneyo inakonzedwa m'zaka zotsatira, ndipo ndiyo imene madotolo aikhulupirira koposa. Wodwala ndi womthandiza alemba zoopsa zonse, kuyambira chaching'ono kufikira chachikulu. Ayamba ndi chaching'ono, monga kugwira ndalama ndi kukhala osasamba, kufikira mantha atsika okha. Mawa abwereza, mkuja abwerezanso, ndipo chikazolowereka akwera pa china. Wodwala avomera yekha sitepe iliyonse. Palibe womgwira mokakamiza kapena kumpaka matope modzidzimutsa, pakuti kutero nkhanza chabe. Kuona maso a nkhono nkudekha. Pa nthawi ya mliri njira imeneyi inavuta, ndipo madotolo ena otchuka, motsogozedwa ndi Naomi Fineberg wa ku England, analangiza m'chaka cha 2020 kuti kukhudzitsa odwala zinthu za pagulu kuyambe kwaima. Ena anapeza nzeru imene ife tiiona yothandiza ngakhale lero, ngakhale pa nyengo ya kolera: wodwala atsate lamulo la chipatala monga liliri, masekondi 20 pa nthawi zoyenera, ndipo pomwepo pakhale malire ake, osaonjezapo ngakhale kamodzi.

Ntchito ya banja ndi yaikulu, ndipo ndi yovuta chifukwa iwoneka ngati yotsutsana ndi chifundo. Mwana akafunsa kachisanu kuti, Amai, kodi manja anga ayera? mai wachikondi ayankha kachisanu, natunga ndowa ina, nalola kuti onse a m'nyumba azivula nsapato ndi kusamba monga wodwala alamulira. Ofufuza anaona kuti m'mabanja ochita motero nthenda ikula ndi kuchedwa kuchira, popeza yankho lililonse ligwira ntchito yomwe ija ya madzi: litonthoza kanthawi, niliitana funso lina. Kunyoza ndi kumenya nakonso kuipitsa, chifukwa wodwala angobisala nakachita miyambo yake kuseri. Njira yapakati ndiyo kupangana naye pa nthawi imene mtima wake uli pansi, kuti funsolo tidzayankha kamodzi kokha, madzi ako a tsiku ndi awa, ndipo mantha akadza tidzakhala nawe kufikira apite. Zichepetsedwe pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi.

Alipo ndi mankhwala akumwa. Amodzi a iwo ndi fluoxetine, amene apatsidwanso kwa odwala nthenda ya kukhumudwa. Koma pa nthenda ino achedwa kugwira, ndipo munthu ayenera kumwa masabata 8 kufikira 12 asanaweruze kuti sathandiza. Asagulidwe pamsika, ndipo woyamba kumwa asaleke mwadzidzidzi popanda kufunsa dotolo. Poyambira ndi pa chipatala chachikulu cha m'boma lanu, kumene mufunse namwino kapena dotolo woona za matenda a maganizo. Iwo akaona kuti nkofunika adzakutumizani ku Zomba Mental Hospital, kapena kwa abale a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikunena kuti munthu wachita misala. Popita, wodwala atsagane ndi mbale mmodzi wokhala naye m'nyumba, amene angathe kufotokoza kuti asamba kangati pa tsiku, zinayamba liti, ndi zimene waleka kuchita chifukwa cha mantha. Pakuti wodwala yekha, chifukwa cha manyazi, kawirikawiri aonetsa dotolo manja osweka okha, nalandira mafuta opaka, nabwerera kumudzi nkhani yeniyeni osainena. Ndipo popeza ambiri odwala nthendayi agwidwanso ndi kukhumudwa kwakukulu, mukamva wina anena kuti watopa ndi moyo, musamsiye yekha, ndipo musadikire tsiku la msika kapena kutha kwa ntchito ya kumunda. Mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo.